Makwacha akale musakolezere moto

Kuno kuchigwa cha Shire anthu amandiseka. Ati mnyamata wanzeru angamayende m'misika ya Nchalo, Ngabu ndi Bangula kufunafuna ndalama zoti sizingagule ndi mchere womwe? Asekeni. Ine ndimatolera ndalama zapepala zakale, ndipo ndikufuna inu amalonda mumve chifukwa chake.

Poyamba penipeni, kwacha inabadwa mu 1971 kulowa m'malo mwa paundi. Paundi imodzi inali K2. Mapepala oyambawo anali anayi: 50 tambala, K1, K2 ndi K10, onse a nkhope ya Kamuzu. Pofika 1973 banki yaikulu inatulutsa K5 n'kusiya kusindikiza K2. Ndiye ngati m'sutikesi mwa agogo muli pepala la K2, dziwani kuti muli ndi chinthu chosowa. Koma chenjerani, pamapepala amenewa mukaona 1964 musati ndi chaka chimene anatuluka. Chimenecho ndi chaka cha lamulo lokhazikitsa banki.

Ife otolera sitiyang'ana nkhope yokha ayi. Timayang'ana deti, siginecha ya gavanala wa banki ndi zilembo zoyambira nambala. Mapepala awiri a K1 atha kuoneka ngati mapasa, koma lina n'kukhala la chaka china, wosainanso wina.

Zanga zambiri ndinazitenga kwa agogo anga aakazi, omwe ankagulitsa nsomba zouma ku Bangula. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika povuta, anthu a ku Mozambique anadzaza boma la Nsanje. Ena ankabwera pamsika atafumbata ndalama zakwawo. Agogo ankalandira, ati munthu wanjala sabwezedwa. Motero m'chitini mwawo munali metikali, imene inayamba mu 1980, komanso eskudo ya Apwitikizi yodindidwa pamwamba dzina la Banco de Moçambique. Chidindo chimenecho chinaikidwa dziko lija litangolandira ufulu mu 1975, lisanakhale ndi ndalama yakeyake.

Ndinawafunsa kuti, "Agogo, bwanji simunakasinthe?"

Iwo anati, "Mwanawe, ndinkadikira kuti nkhondo ithe."

Nkhondo inathadi mu 1992, koma metikali inali itafooka kale. Mu 2006 boma la kumeneko linadula maziro atatu, 1,000 yakale n'kusanduka 1 yatsopano. Nsomba za agogo zinapita choncho.

Phunziro lili apa, abale. Mpamba wa geni suikidwa m'chitini. Taonani kwathu konkuno. Mu 1994 kwacha anaitayirira kuti idziyendera yokha, ndipo inagwa chagada. Mu 1995 pandalama panabwera nkhope ya Bakili Muluzi, mu 1997 John Chilembwe n'kutenga malo. Mu 2012 kunabwera mapepala atsopano okhala ndi anthu ngati Rose Chibambo ndi James Sangala, akale aja pambuyo pake n'kuleka kugwira ntchito. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwanso mphamvu ndi 44 peresenti. Amene anakwirira ndalama analira.

Si kuno kokha. Ku Tunisia mapepala oyamba a dinar, a mu 1958, anali ndi nkhope ya Habib Bourguiba. Mkuluyo atachotsedwa pampando mu 1987, nkhope yake nayo inayamba kuchoka pandalama. Mpando ukasintha mwini, m'thumba namo mumasintha.

Komatu ndalama ikafa pamsika siifa yonse. Imasanduka mboni. Mwana wobadwa lero sangakhulupirire kuti 50 tambala inali yapepala, yoti munthu n'kuipinda bwino n'kumanga pansonga ya chitenje. Mukamuonetsa ndi maso, mkangano watha.

Vuto n'lakuti kuno mbonizi zikutha msanga. Chiswe chimadya, kutentha kumafwifwitsa, ndiye palinso madzi. Kusefukira kwa mu January 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anakokolola nyumba pamodzi ndi masutikesi. Ndikafunsa m'midzi ya kwa Makhanga, yankho limakhala limodzi: zinalipo, koma zinapita ndi Ruo. Zimene zinapulumuka ena akukolezera moto, ena apatsa ana kuti azisewerera masanje.

Choncho amayi ndi abambo, mukapeza pepala lakale musalichape, musalisite, musalimate ndi selotepi. Liikeni chowongoka pakati pa mapepala oyera, m'jumbo yosalowa madzi, n'kulipachika pamwamba. Lembani pambali mwini wake ndi kumene analipeza.

Akabwera akathyali kukuuzani kuti ndalama ya Kamuzu ingakupatseni mamiliyoni, bola muyambe mwapereka kangachepe, abwezereni pakhomo pomwepo. Pepala lotha ndi lothimbirira siligula galimoto. Wogula weniweni amafunsa deti ndi nambala, ndipo salipiritsa wogulitsa.

Mpamba wanu uzizungulira mumsika. Koma pepala limodzi la mtundu uliwonse, ngakhale K20 ya M'mbelwa imene ana akuinyoza lero, lisungireni adzukulu.