Ku Joni ali ndi nambala yoimbira, ku Mwanza tili ndi anthu

Abale anga a ku Mwanza, pali mawu amene amandiwawa, ndipo amamveka kuno ku Joni ndi kumudzi komwe: akuti nkhawa ndi matenda a azungu, Mmalawi amangolimba mtima. Ine ndikuti ayi. Matenda a maganizo alipo pakati pathu, ndipo chimene chimathandiza kwambiri wodwala, chimene a kuno akuchisowa, ife tili nacho kale. Tikungochiwononga pokana kuti m'bale wathuyo akudwala.

Ndiyambe ndi zimene zimandidabwitsa kuno. Munthu akasiya kupeza tulo, chakudya osachifuna, mtima kumangothamanga popanda chifukwa, misozi kumangotsika, anzake amamuuza kuti apite ku kiliniki, monga angamuuzire wa BP kapena wa shuga. Kuli bungwe la SADAG, limene linayamba mu 1994, lokhala ndi manambala a foni aulere amene munthu angaimbe ngakhale pakati pa usiku, n'kuyankhidwa ndi mlangizi amene samudziwa, samuseka, ndiponso sakaulula kwa aneba. Bungwe lomwelo lili ndi magulu a anthu a vuto limodzi, amene amakumana n'kumauzana zimene zikuwathandiza. Lamulo la dziko lino la mu 2002 limati munthu amene wasokonekera, ngati akugonekedwa iye asakufuna, ayambe waunikidwa kwa maola 72 asanaganiziridwe zomusunga nthawi yaitali. Ukafika mwezi wa Okutobala, wailesi ndi makampani amakamba za umoyo wa maganizo popanda manyazi. Zimenezi n'zosiririka ndithu.

Komabe musanamizike kuti kuno zonse zili bwino. Mu 2016 boma la chigawo cha Gauteng, pofuna kuchepetsa ndalama zimene linkawononga, linachotsa odwala maganizo m'zipatala za Life Esidimeni n'kuwamwaza m'timabungwe topanda zowayenereza. Anthu 144 anafa, ambiri ndi njala, kuzizira ndi kusasamalidwa, lamulo labwino lija lilipo. Nanga ife obwera? Timagona anayi m'kachipinda kamodzi, mapepala atatha, mtima uli phaphapha poopa apolisi ndi ku Lindela, kumene amatsekera obwera opanda mapepala. Ziwawa zochitira obwera za mu 2008 ndi 2015 sizinachoke m'mitu mwathu. Foni ikalira kuchokera kumudzi, ndi ya feteleza, ya fizi, ya maliro, ndipo sunganene kuti ganyu yatha chifukwa onse akudziwa kuti uli ku Joni. Nambala yaulere ija ilipo, koma za mumtima uyenera kuzifotokoza m'chiyankhulo cha eni dziko. Choopsa koposa n'chakuti ungatsekere m'nyumba sabata yathunthu osamva wina akugogoda. Ndiye ambiri a ife timathawira ku botolo.

Za kwathu sindikufunika kukufotokozerani. Ku Thambani, ku Kunenekude kapena kwa Nthache, munthu akapanda kuoneka panja masiku awiri, wina wafika kale kudzazonda. Kugona pa siwa, amayi a Mvano, ankhoswe, anzathu a banki mkhonde, zonsezi ndi maso ndi makutu amene mzinda uno sungagule ndi ndalama zake zonse. Pomwe timalakwa ndi pa chigamulo. Timaona msanga kuti munthu wasintha, koma timati ndi ulesi, kapena amulodza, kapena ndi chamba. Mayi amene wangobereka kumene akamalira osafuna kuyamwitsa, timamukalipira kuti alibe chikondi. Mnyamata akatsika basi pa boda ya Mwanza ndi chikwama chopanda kanthu, osayankhula ndi munthu, timamufunsa kumene anasiya ndalama. Timadikira mpaka atavula zovala, kenaka timumange chingwe ulendo wa ku chipatala cha amisala ku Zomba, pamene vutolo likanatheka poyamba pomwe.

Ndikamati chimene tili nachocho ndi mankhwala, umboni ulipo. Ku Harare, mzinda umene mabasi athu amadutsa, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench. Anatenga agogo aakazi a m'madera momwemo, n'kuwaphunzitsa kumvetsera munthu wovutika maganizo pa benchi panja pa kiliniki, kumuthandiza kutchula mavuto ake, kusankha limodzi, ndi kupeza yekha poyambira. Amakumana kasanu ndi kamodzi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti anthu amene anakhala pa benchipo anapeza bwino kwambiri kuposa amene anangolandira chithandizo cha masiku onse. Ndipo sitikufunika kupita kutali. Ku Neno, boma limene linali mbali ya Mwanza mpaka mu 2003, a Abwenzi Pa Za Umoyo pamodzi ndi unduna wa zaumoyo anaika matenda a nkhawa m'kiliniki imodzi ndi BP, shuga ndi HIV. Odwala amakambirana m'magulu motsogozedwa ndi alangizi ophunzitsidwa, ofunika mapiritsi n'kulandira, ndipo zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2024, zinali zabwino. Zatheka kwa aneba athu, anthu osauka ngati ife tomwe.

Wina anena kuti vuto ndi umphawi, mupatseni munthuyo ndalama aseka. N'zoona kuti ngongole ndi njala zimabala nkhawa. Koma nkhawa ikakhazikika imamulanda munthu mphamvu zolimira ndi nzeru zogulitsira manachesi ake, ndiye umphawi umakula. Ndipo kuno ndi kumene kuli a magalimoto apamwamba amene akumwa mankhwala a matenda omwewa. Wina anena kuti pemphero ndi lokwanira. Sindikunyoza pemphero, limalimbitsa mtima. Koma wa malungo timamupempherera kwinaku tikumupatsa LA, ndipo palibe amene amati tachepa chikhulupiriro. Wachitatu anena kuti kumudzi kulibe chinsinsi, ukangoulula mawa nkhani ili pa mjigo. Apa ndiye pamene a ku Joni atiposa, ndipo tiyenera kuphunzira kwa iwo. Mutu umodzi susenza denga, koma wothandiza kusenza asamalengeze za m'nyumba ya mwini. Mlangizi wa zaumoyo, mkulu wa mpingo kapena mayi wa Mvano akaphunzitsidwa zizindikiro za matendawa, phunziro loyamba likhale losunga pakamwa.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanenapo kuti mwa akuluakulu 100 alionse, pafupifupi 5 ali ndi matenda ovutika maganizo. Sitingadikire kuti mudzi uliwonse udzakhale ndi dokotala wa ubongo. Choncho ndikukupemphani, inu amene muli kumudzi: m'bale akasintha kwa masabata awiri, osagona, osadya, osafuna anthu, khalani naye pansi mumumvere osamudula mawu, ndipo mumuperekeze ku chipatala. Akatchula zodzipha musamusiye yekha, pitani naye tsiku lomwelo. Mukaimbira mwana wanu ku Joni, yambani mwamufunsa ngati akugona tulo musanatchule za ndalama. Nanu anzanga a kuno, tiyeni tizigogoderana pa zitseko monga tinaleredwera kwathu.