Wopalamula Akamakunong'oneza M'khutu

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 tinkazindikira munthu woipa ndi mawu ake. Pa wailesi ya MBC, yomwe inali yokhayo m'dziko muno, kamberembere wa mu Sewero la Sabata Ino akangoseka, aliyense pakhonde ankadziwiratu kuti ameneyu mathero ake ndi misozi. Mabuku a James Hadley Chase, amene tinkabwerekana ku sekondale mpaka chikuto kuthothoka, anali odzaza ndi anthu adyera, koma ndalama zakubazo kawirikawiri sankazidyerera. Tinkagona mtima uli m'malo.

Kukhulupirika nakonso sikunali nkhani yokambirana. Kunali ngodya imodzi mwa zinayi za Kamuzu, pamodzi ndi umodzi, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo lamulo la 1968 linapatsa bungwe la boma mphamvu yoletsa mabuku ndi mafilimu. Munthu sankafunsa mokweza kuti akhulupirike kwa yani, kapena kuti wovulala ndi kukhulupirikako ndi ndani.

Lero mabuku ambiri ndimachita kumvera pafoni, mahedifoni ali m'makutu, m'minibasi kapena usiku magetsi akazima. Akalekale amapezeka ulere pa LibriVox, pomwe anthu ongodzipereka akhala akuwerenga mabuku kuyambira 2005. Atsopano ali pa Audible, kampani imene Amazon inagula mu 2008, ndipo kumeneko thumba limalira, osawerengera bandulo. Komatu luso lenilenilo si lachilendo. Mu 1935 ku Britain anayamba kujambulira anthu osaona mabuku pa mbale za galamafoni, ndipo limodzi mwa oyambirira linali The Murder of Roger Ackroyd la Agatha Christie. Pepani amene simunalimve, koma buku la 1926 silingakhale chinsinsi mpaka kalekale: wakupha ndi dokotala yemwe akukusimbirani nkhaniyo. Tangoganizani munthu atakhala phee maola onsewo, akukhulupirira mawu aulemu amene akumunamiza.

Pamenepa m'pamene khutu limasiyana ndi diso. Papepala ndimatha kubwerera m'mbuyo kukagwira bodza, kapena kusuzumira tsamba lomaliza. Pomvera ndimayenda paliwiro la wowerengayo. Akapuma, nane ndimapuma. Wopalamula akamadzikhululukira ndi mawu onjenjemera, chifundo chimandigwira ndisanaganize n'komwe.

Buku limene linandisowetsa tulo ndi Gone, Baby, Gone la Dennis Lehane, la 1998. Ku Dorchester, mumzinda wa Boston, kamtsikana ka zaka 4, Amanda McCready, kasowa. Mayi ake, Helene, ndi wotayirira. Mowa ndi mankhwala ozunguza bongo ndiye ntchito yake, mwana n'kumusiya yekha m'nyumba. Patrick Kenzie ndi bwenzi lake Angie Gennaro, ofufuza milandu omwe si apolisi, akusakasaka mwanayo mpaka kumupeza ali bwinobwino, wosamalidwa ndi wokondedwa, m'nyumba ya mkulu wina wa apolisi. Ndipo amene anakonza nawo zomubazo ndi Lionel, mchimwene wake wa Helene.

Malume! Nditamva zimenezi mtima wanga unathamangira kumbali yake. Kwathu kuno malume ndi mwinimbumba. Mlongo wake akalephera kulera, iye amatenga mwana, ndipo palibe amene amaitana apolisi. Angie akuchonderera Patrick kuti atseke pakamwa, amusiye mwanayo pomwe ali. Patrick akukana, akuulula, mwana akubwerera kwa mayi ake, Angie n'kumuchokera. Wowerenga uja sanakometsere mawu a wina kuposa a mnzake, ndiye mlandu unatsalira ine.

Ndinauzenga masiku angapo, ndipo ndinagamula kuti Patrick anachita bwino, ngakhale kuti mtima sunakondwe. Malume wakwathu amatenga mwana masana, abale atakhala pansi, mayi ake akudziwa kumene akagone. Lionel anasiya mlongo wake akulira maliro a mwana wamoyo. Ndiponso apolisi akayamba kusankha okha mayi woyenera kulera, ana oyamba kutengedwa adzakhala a amphawi. Koma kuti Amanda anapindulapo chiyani pa chilungamo chimenechi, ayankhe ndi Patrick, ine ayi.

Anzanga ena akutchalitchi amati mabuku otere amatamanda uchimo. Sindigwirizana nawo. Sewero limene mbava imagwidwa nthawi zonse silinandikonzekeretse tsiku lomwe wolakwa adzakhale mlamu wanga, kapena bwana amene anandilipirira fizi. Zoterezi n'zimene timakumana nazo: mlonda amene waona mnzake akutulutsa simenti, namwino wodziwa kumene mankhwala akulowera, wapolisi amene fayilo ya m'bale wake yafika pa desiki pake.

Chondiwawa n'chakuti nkhani zoterezi ndimazimva m'Chingerezi, za m'misewu ya Boston, kapena ya Cape Town m'mabuku a Deon Meyer. Chichewa chimene chadzaza m'mafoni mwathu ndi Baibulo, maulaliki ndi nyimbo. Chonsecho dziko lino lili ndi akatswiri a mawu amene wailesi inawasula, ndipo foni yomweyi imajambula. Alembi athu, tilembereni wapolisi wa ku Ndirande amene akufufuza malume ake, ndipo inu a zisudzo mutiwerengere. Bandulo yake tidzagula.