Mbamu Yoyamba Ndi Yanga

Mlongo wanga anayamba ndi kusagona. Munali mu June chaka cha 2022, nyengo imene kwathu kuno kwa Nthache aliyense amakhala kalikiliki kuthyola manachesi okagulitsa pamsewu wa ku Zobue. Iye anali ndi zaka 19. Usiku ndinkamumva akuyendayenda pakhonde, nthawi zina akuyankha munthu amene ife sitinkamuona. Atasiya kusamba, mayi anati ndi ulesi. Malume anati ndi chamba. Anzake anati ndi mtsikana. Aliyense anali ndi dzina lake la vutolo, koma panalibe amene anati ndi matenda.

Kenaka anakana nsima. Ankati wina akumuthirira tameki m'chakudya. Masiku atatu anangodya manachesi osenda yekha. Tsiku lachinayi ndinakhala naye pamphasa, ndinatema mbamu m'mbale yake, kusunsa m'ndiwo zake, n'kudya iye akuona. Anandiyang'anitsitsa pakhosi mpaka nditameza. Anadikira ngati akuwerenga chamumtima. Ataona kuti sindinagwe, anasamba m'manja. Kuyambira pamenepo mbamu yoyamba inali yanga, phala lomwe, ngakhale madzi akumwa. Kumaliro sindinkagonako, kumsika ndinkapita chothamanga, chifukwa ine ndikachoka, mnyamata ankagona ndi njala.

Malume, monga mwinimbumba, analamula kuti tipite naye kwa sing'anga kutsidya la malire ku Mozambique. Ine sindiwanena. Anagulitsa mbuzi zawo ziwiri chifukwa chomukonda mphwawo. Koma tinabwerako ndi mphini zokha, miyezi inayi itapita pachabe. Chipatala tinkachiopa chifukwa cha liwu limodzi: Zomba. Chipatala cha matenda a ubongo cha kumeneko chinatsegulidwa mu 1953, koma m'makutu mwathu "wapita ku Zomba" ndi mawu otukwanira banja lonse.

Usiku umene anathawira kuphiri, ati akumuitana, tinamumanga ndi chingwe cha mbuzi. Mfundo yake ndinamanga ndine. Zimenezi sindikonda kuzikumbukira.

Pachipatala chachikulu cha Mwanza dokotala anatiuza kuti matendawa amakonda kuyamba munthu ali wachinyamata, ndipo amene wayamba msanga mankhwala amapezako bwino msanga. Za ku Zomba sizinafunike. Anatipatsa mapiritsi a haloperidol ndi tsiku lobweranso. Patapita sabata khosi lake linauma, manja akunjenjemera, dovu likutuluka. Tinabwerera ndi mantha, ndipo anatifotokozera kuti mankhwalawo amatero mwa anthu ena. Anachepetsa mlingo, n'kuwonjezera ena otchedwa benzhexol. Koma iye anali atatsimikiza kale kuti tameki uja ndi ameneyu, ndipo anakana kumwa.

"Ingosinja uthire m'phala, mwanawe," anatero mayi. "Iwe ndiye amakukhulupirira."

"Mayi, akadzazindikira adzadyanso cha m'manja mwa yani?"

Anandikwiyira masiku awiri, ndipo mwina sanalakwe: mwana wawo ankawatherera akuona. Koma munthuyu ankakhulupirira kuti dziko lonse likumuthirira zinthu m'chakudya, ndiye ine ndikachitedi zomwezo? Ndinapita kwa iye ndi mapiritsi m'chikhato. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, awa sindingalawe, si anga. Koma sindinakunamizenipo, ndipo sindikubisirani m'phala." Anawataya pabwalo. M'mawa mwake anawatayanso. Tsiku lachisanu anamwa, akulira, ine nditamugwira dzanja.

Sikuti wachiriratu. Mwezi uliwonse timakwera kabaza kupita kuboma, ndipo ndalama yake imachokera m'manachesi omwewo. Kusukulu sanabwerere, koma dimba akulima, ndipo anthu ena amene ankapatuka akamuona ayambanso kumulonjera.

Sabata yatha ndinamuikira nsima ya masamba a nyemba. Ndinasamba m'manja monga mwa nthawi zonse, koma potambasula dzanja ndinapeza iye akutafuna kale.

"Achemwali," anatero, "katengeni mbale yanu."