Kusesa Nkhokwe ya Ma Update

Mwezi uliwonse, Lachiwiri likabwera kachiwiri, sindiweruka msanga. Ndilo tsiku limene a Microsoft amatulutsa ma update, mwambo umene anauyamba mu 2003, ndipo kuno ku Mzuzu amatipeza usiku, cha m'ma 7 kapena 8 koloko, anzanga atapita kale kwawo ku Chibavi ndi ku Luwinga. Ndimatsala m'kachipinda kozizira, ine ndi seva.

Ndimasamalira makompyuta a bungwe lina lomwe likulu lake lili muno mumzinda, nthambi zili ku Karonga, Rumphi ndi Nkhata Bay. Kompyuta iliyonse ikanati izidzitengera yokha ma update pa intaneti, ndalama zikanatha ngati madzi a m'dengu. Choncho seva imodzi imatenga zonse n'kugawira ena. Pulogalamu yake ndi WSUS, ndipo pamwamba pake pali Configuration Manager, imene ife akale timaitchulabe SCCM. Ine ndimangoti nkhokwe. Kuthiramo aliyense angathe. Chimene chinanditengera zaka kuphunzira ndi kuchotsamo.

Update yatsopano ikabwera, yakale imalowedwa m'malo, ndipo pa sikirini imaoneka ndi kanyenyezi kachikasu. Ina imatha ntchito kotheratu, imaikidwa X wakuda, singatumizidwenso kwina kulikonse. Koma m'nkhokwemo sizichoka zonse zokha. Kompyuta ikafunsa seva kuti ikusowa chiyani, imadutsa mndandanda wa zonse zimene sizinakanidwe, zamoyo ndi zakufa zomwe. Kumene intaneti imathamanga mwina sizioneka. Koma kompyuta ya ku Karonga, pa netiweki yodukaduka, imaswera kuwerenga maina a akufa, magetsi n'kuthima isanamalize.

Nditangoyamba ntchito pano ndinapeza seva yoti sinasesedwepo. Munali ma update a Windows 7, yomwe thandizo lake linatha pa 14 Januwale 2020, a zinenero zomwe palibe amalankhula pa ofesi pathu, ndi a mapulogalamu omwe sitinagulepo. Disiki inali itadzaza. Koma chimene chinandiopsa si disikiyo ayi. Ndi amayi ena a ku akaunti amene anandiyamikira ndi mtima wonse kuti, "Achimwene, yangayi musavutike nayo, ndi yabwino. Miyezi yonseyi sinandivutitsepo zozimitsa n'kuyatsanso." Mtima wanga unagunda. Kompyuta yomwe sipempha kuzimitsidwa ndiye kuti sikulandira kanthu, ndipo imeneyo ndi yomwe inkasunga malipiro a anthu. Ndinakumbukira pulogalamu yoononga ya WannaCry, yomwe mu Meyi 2017 inaimitsa ntchito m'zipatala zambiri ku Britain, pomwe update yotseka mpata umene inalowerawo inali itatuluka kale mu Marichi.

WSUS ili ndi chida chake chosesera, koma zinyalala zikachuluka kwambiri chimalema panjira. Ndinachita pang'onopang'ono. Choyamba kukopera database yonse, SUSDB, n'kuisunga pambali. Kenako kuuza seva isiye kutenga za Windows 7 ndi zinenero zachilendo zija, kukana ma update akale kuyambira akalekale, kukonzanso ndondomeko ya m'database kuti izifufuzika msanga, kenaka n'kuyambitsa chosesera chija, chigawo chimodzi nthawi imodzi. Unali mwezi wa Juni, kunja mvula yamawawa, ndipo usiku wachiwiri ndinaugwira jenereta ikulira. M'mawa wachinayi makompyuta a ku Nkhata Bay anayamba kuyankha, imodzi imodzi, patatha nthawi yaitali ali chete. Ndinakhala pampando n'kumangoyang'ana manambala akukwera.

Tsopano ndimasesa mwezi ndi mwezi, ndipo sizitenga ola. Ndimachotsa zakufa m'magulu amene ndinatumiza kale, chifukwa update yatha ntchito ikakhala kuti ikadali m'gulu lotumizidwa, pulogalamu siifufuta. Ikamasulidwa, imachoka pakapita masiku 7. Gulu limodzi lotumiza silipyola ma update 1,000, ndiye malo amene wakufa wakhalapo ndi malo olandidwa kwa wamoyo.

Achinyamata amene amabwera kudzaphunzira ntchito amakonda kufufuta zonse tsiku lomwelo. Ndimawaletsa. Mbewu yakale sutaya yatsopano isanamere. Update yatsopano ndimayamba ndaiyesa pa makompyuta ochepa, kuona ngati ikugwirizana ndi pulogalamu ya malipiro ndi maprinta athu, ndipo yolowedwa m'malo ndimaisiya miyezi 3 isanathe ntchito, kuti zikavuta pakhale pobwerera.

Mu Seputembala 2024 a Microsoft analengeza kuti sawonjezeranso zatsopano pa WSUS, poti ambiri akusamukira ku zida zoyendera pa intaneti. Kwa ife kuno, kumene intaneti ndi yodula, nkhokwe ya pakhomo ndikuionabe kufunika kwake, ndipo ndipitiriza kuisesa. Chimene chikundisowetsa tulo panopa ndi Windows 10, yomwe thandizo lake linatha pa 14 Okutobala 2025. Ndikanakonda kuichotsa pamndandanda, koma ku Rumphi kuli makompyuta akale omwe sangalandire Windows 11, ndipo anthu akugwirirabe ntchito. Maina ake ndawalemba papepala, ndapereka kwa abwana, ndipo ndikudikira bajeti.