Kaputeni sasankha ndi mtima, amangwetu

Pa geni pali lamulo lomwe aliyense wa mumsika amalidziwa: supikula katundu chifukwa umamukonda, umapikula amene akuyenda. Mayi wa usipa atha kukhala kuti iye usipayo sadya, bola makasitomala akutenga. Lamulo lomweli ndi limene ine ndimayendera pa Fantasy Premier League, masewero a pafoni aja amene atenga mitima ya anyamata m'mabenchimu.

Kwa inu osawadziwa, nkhani yake ili chonchi. Amakupatsani mpamba wongoyerekeza wa mapaundi 100 miliyoni kuti mugule osewera 15 a ligi ya ku England, osapitirira atatu a timu imodzi. Akagoletsa, inu mumakolola mapointi. Ndiye sabata iliyonse mumasankha kaputeni, amene mapointi ake amawerengedwa kawiri. Apa ndiye pagona phindu, ndi pomwenso anthu amalirira.

Ine ndine wa Manchester United kuyambira ndili mwana. Koma mu sizoni ya 2024/25 kaputeni wanga masabata ambiri anali Mohamed Salah wa Liverpool, adani athu enieni. Anzanga a m'kaligi kathu ka pamsika, momwe timasonkha kangachepe kuti wopambana adzatenge, ananditcha Yudasi. "Aise, wagulitsa timu?" Ine nkumangoti, "Achimwene, tawerengani kabuku." Chaka chimenecho Salah anagoletsa zigoli 29, nkupatsira anzake zina 18, ndipo anatolera mapointi 344, oposa a wina aliyense chiyambire masewerowa mu 2002. United yanga inathera pa nambala 15. Nanga chikondicho chikanandidyetsa chiyani?

Kabuku kangako kali ndi mafunso ochepa. Loyamba: kodi munthuyo asewera? Wovulala kapena wokhalira pabenchi ali ngati katundu wotsala m'belo, sabweretsa kanthu. Nchifukwa chake ndimadikira makochi alankhule kaye, poti khomo amatseka kutatsala ola limodzi ndi theka kuti mpira woyamba uyambe. Wachiwiri wa kaputeni nayenso ndimasankha mosamala, pakuti ndiye amalowa m'malo mwake akapanda kusewera.

Lachiwiri: akukumana ndi ndani, ndipo ali pakwawo kapena koyenda? Southampton mu 2024/25 inagoletsedwa zigoli 86 pa masewero 38. Timu yotero ikamabwera, ndiye tsiku la msika limenelo.

Lachitatu: amamenya mapenate? Nanga amuika gulu liti? Chigoli cha wakutsogolo ndi mapointi 4, cha wapakati ndi 5, ndipo Salah ankawerengedwa ngati wapakati. Kapointi kamodziko mukakachulukitsa kawiri sabata ndi sabata, ndi ndalama.

Koma funso lalikulu ndi ili: zigoli zakezo ndi zantchito kapena zamwayi? Pali nambala ina amaitcha xG, imene imayeza mipata yomwe wosewera akupeza pafupi ndi golo. Wina amagoletsa ziwiri Loweruka atangomenya kawiri, basi msika wonse nkumuthamangira. Chikomekome cha mkuyu chimenecho. Zili ngati kuona tomato wakwera mtengo dzulo, inu lero nkupikula madengu khumi. Ine ndimatsata amene akumenya pagolo kasanu sabata iliyonse, ngakhale sanagoletse. Benchi yomwe anthu sakutha kuima, tsiku lina agula ndithu.

Chomaliza, onani pomwe muli. Ngati mukutsogola, sankhani kaputeni amene ambiri asankha, kuti akakolola mukolole nawo. Ngati mwatsalira ndipo masabata akutha, gulitsani zomwe anzanu alibe.

Manambala salonjeza, mpira ndi wozungulira. Ndipo kabuku ka chaka chatha sikagulitsa malonda a chaka chino, kamafuna kulemba mwatsopano. Malaya a timu yanu valani ndithu, kuwani mpaka mawu athe. Koma pofika pa kaputeni, mtimawo uyambe wakhala pansi.