Mvula ya pa Khondowe



Ife a kuno ku Nchenachena sitinyoza mvula. Tili m'tsinde mwa mapiri a Nyika, ndipo khofi, nthochi ndi nyemba zimene zimatilipirira sukulu zimadalira mitambo yomweyi. Komabe pamene tsiku la ulendo wathu wa ku Livingstonia lidafika, Loweruka lina m'mwezi wa Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse, mitima ya ambiri idagwa m'mimba. Ndalama za galimoto tidazisonkha pa miyezi ingapo, ena popalira m'minda ya anthu, ena pogulitsa zitumbuwa, ndipo mwini galimoto adanenetsa kuti tikasintha tsiku sadzabweza kanthu. Tidanyamuka choncho, titafunda mapepala a pulasitiki, atsikana atakulunga ufa ndi mchere m'zitenje.

Chimene chidatilimbitsa mtima ndi ichi: ambiri mwa ife tidali tisanaonepo malowa monga alendo. Amene adafikako adapita kukadikirira wodwala kuchipatala cha David Gordon Memorial, ndipo munthu wodikirira matenda sayang'ana nyumba zakale. Azungu amachoka ku Scotland kudzaona zimene ife timangozimva pa wailesi, chikhalirecho tili boma limodzi la Rumphi.

Tidafika pa Khondowe nkhungu itaphimba zonse. Anthu amati ukaima pamphepete pa phirili umaona nyanja yonse, mpaka mapiri a ku Tanzania kutsidya. Ife tidaona zoyera zokhazokha. Tsono popeza maso sakadatha kupita kutali, tidayang'ana zapafupi, ndipo mwina nchifukwa chake tidaziona bwino.

Mishoniyi idayamba ku Cape Maclear mu 1875, idasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo malungo atapitiriza kupha anthu, Dr Robert Laws adaikweza pamwamba pano mu 1894. Nyumba yake yamiyala, imene amaitcha Stone House, idamangidwa mu 1903, ndipo m'menemo mumasungidwa zithunzi, makalata ndi zipangizo za masiku amenewo. Tidakhalamo nthawi yaitali, pang'ono chifukwa cha chidwi, pang'ono chifukwa panja padali posayendeka. Pa sukulu ya pano, Overtoun Institution, padaphunzira Levi Mumba, amene adakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, komanso Clements Kadalie, amene mu 1919 adayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town. Anyamata akumudzi ngati ife tomwe, okwera phiri lomweli ndi mapazi.

Mvula itapepukako tidatuluka kukaona miyala yoyalidwa pa kapinga pafupi ndi nyumbayo. M'mwezi wa Malichi 1959, boma la atsamunda litalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndege idaponya uthenga kwa amishoni achizungu wofunsa ngati akufuna kuchotsedwa pamalopo. Yankho adayenera kulilemba pansi kuti lioneke kumwamba. Anthu a pamishoni, akuda ndi oyera pamodzi, adakana kulekanitsidwa, ndipo adayala miyala yolemba Aefeso 2:14, ndime yonena za Khristu amene adagumula khoma lolekanitsa anthu. Tidaima pamenepo madzi akuyenderera m'khosi. Ndife Akatolika, ndipo malowa ndi a abale athu a CCAP. Agogo athu amakumbukira nthawi imene mipingo iwiriyi inkayang'anana ndi diso lofiira, polimbirana midzi ndi masukulu. Mpingo wathu udafika mochedwa kumpoto kuno, mwakuti dayosizi ya Mzuzu idakhazikitsidwa mu 1961, pamene iwo adali atakhala kale zaka zambirimbiri. Palibe mmodzi wa ife adaona kuti miyala ija ndi ya eni ake okha. Mtsikana wina adatulutsa Baibulo m'thumba la pulasitiki nawerenga ndimeyo mokweza, mapepala akunyowa.

Tchalitchi chachikulu tidalowamo mwaulemu, tidaona zenera lagalasi lojambulidwa David Livingstone ndi anzake a paulendo, kenaka njala idatikumbutsa kuti ndife anthu.

Za chakudya tiyenera kunena mosabisa, pakuti ndi zimene ambiri akhala akusimba chibwerereni. Mayi wina pamsika adatibwereka khitchini yake ndi nkhuni zouma, chinthu chamtengo wapatali tsiku ngati limenelo. Tidagula usipa wouma wochokera ku Chitimba, kunyanja kumunsi kwa phiri, ndi bowa amene ana adazula m'mawa womwewo. Bowa wa m'nkhalango za masuku, wophikidwa ndi tomato ndi mchere basi, saposedwa ndi nyama iliyonse, ndipo amene akufuna kutsutsa adikire dzinja likubwerali. Padalinso nkhwani wotendera ndi nsima yotentha yoti nkuwotcha zala zozizidwa. Mayiyo, polankhula Chitumbuka chake chokoma, ankangobwereza kuti tidye dende lambiri, ife nkumayankha kuti yewo. Madzulo tidawotcha chimanga chachiwisi nkumwera chindongwa, nsapato zili ndandanda mozungulira moto.

Pamenepo padabuka nkhani ya khofi. Mnyamata wina adaona paketi ya khofi wa Mzuzu m'golosale, atafunsa mtengo adangoibweza pamalo pake mwakachetechete. Bambo ake amalima khofi, iye mwini amathyola zipatso zofiira m'nyengo yachisanu nkukazitula kumakina opuntha, koma kwawo amamwa tiyi, shuga akapezeka. Alimi a kuno ku Phoka ali m'gulu la makopaletivu amene amapanga Mzuzu Coffee, ndipo khofi wawo amamwedwa kumaiko akutali. Tidasonkherana tindalama totsala, tidagula paketi imodzi, ndipo aliyense adalawa theka la kapu. Ena adati ngwowawa, adathira shuga masipuni atatu. Mwini nkhani uja adamwa wopanda kanthu, pang'onopang'ono, nati akufuna adziwe chimene azungu amalipirira.

Lamulungu m'mawa, titachita mapemphero athu a Mawu m'chipinda chimene tidagona, tidayenda pansi kupita ku mathithi a Manchewe. Apa mvula idatibwezera zonse. Madzi amagwa kuchokera pamtunda wa mamita oposa 100, ndipo m'dzinja mkokomo wake umamveka munthu asanaone kanthu. Kuseri kwa mathithiwo kuli mapanga kumene makolo a Aphoka ankabisala pothawa nkhondo za Angoni. Njira yotsikira kumeneko idali yoterera kwambiri, choncho tidagwirizana kuti asatsike aliyense, ngakhale anyamata ena adang'ung'udza. Tidangoima pamwamba, nkumaganizira mayi wobereka mwana kumbuyo akutsika pathanthwe lomwelo usiku, adani ali m'mbuyo.

Cha m'ma 11 koloko nkhungu idang'ambika kwa mphindi zochepa. Nyanja idaoneka pansi patali, yotuwa ngati lata, ndi kamzere ka msewu wa Golodi ukukhotakhota kutsikira ku Chitimba. Amene adali ndi mafoni adathamangira kujambula, koma asanamalize nkhungu idatsekanso. Pobwerera galimoto idatitimira kawiri, ndipo tidafika ku Nchenachena dzuwa litalowa, matope mpaka m'mawondo, theka la paketi ya khofi lili m'thumba la mnyamata uja kuti bambo ake akalaweko.