Maginito Sanama Pachipala

Chipala changa chili pansi pa mtengo wa mango pa Karonga boma. Ndimasula nkhwangwa, zikwanje, masompho a osema mabwato ndi zikwakwa zomwetera mpunga. Nyengo yokolola ikayandikira, alimi a ku Kaporo, Wovwe ndi Hara sandipatsa mpata wopuma.

Lusoli ndinaphunzira kwa amalume. Iwo ankapemerera moto ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi, pomwe ine ndimapukusa gudumu la njinga. Ankakonda kusimba za Aphoka a kumapiri a Nyika, amene ankayenga chitsulo m'ng'anjo zadothi n'kusula makasu. Ife lero sitiyenga. Chitsulo chathu ndi masipuling'i a magalimoto otha ntchito a mumsewu wa M1, wopita ku Songwe.

Amalume anali ndi lamulo limodzi: kulimbitsa chitsulo ndi m'bandakucha kapena dzuwa litalowa. "Iwe, masana chitsulo chimanama," ankatero. Atamwalira ndinaliiwala lamuloli chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito. Tsiku lina ndinalimbitsa sompho dzuwa lili paliwombo. Patapita masiku atatu mwini wake, bambo wa ku Ngara, anabwera nalo litabenthuka kukamwa. Ndinamubwezera ndalama, koma mtima unandiwawa sabata yonse. Mawu a akulu akoma akagonera.

Chinachitika ndi ichi. Chitsulo chikatentha chimayamba kufiira pang'ono, kenako chimafiira kwambiri, kenako chimapita kuchikasu. Wosula amawerenga kutentha poyang'ana mtunduwo. Koma dzuwa la ku Karonga ndi laukali, limaphimba kufiirako. Umaona ngati chitsulo sichinapse, n'kumangowonjezera moto mpaka chapsereza. Chitsulo chopsereza ukachithyola m'kati mwake mumaoneka timibulu tikulutikulu ngati mchenga, ndipo sichichedwa kubenthuka.

Amene anandithandiza ndi mphunzitsi wina wa sayansi yemwe anabwera kudzanoletsa chikwanje. Anaona maginito a sipika ya wailesi atapachikidwa pamtengo. Ndinkawagwiritsa ntchito posankha zitsulo zimene ana amandigulitsa: chitsulo chenicheni chimamata, koma mkuwa ndi aluminiyamu sizimata, ngakhalenso masupuni ena onyezimira aja.

"Bambo, wotchani chidutswa ichi, muziyesa ndi maginitowa," anatero.

Chitayamba kufiira, maginito anagwira. Ndinawonjezera moto, anagwirabe. Kenaka chitafiira bwino, maginito anangolendewera ngati ndawayandikiza kumtengo. Chitazizira pang'ono anagwiranso.

Aphunzitsiwo anandifotokozera kuti m'chitsulo muli tinthu ting'onoting'ono tosaoneka, kalikonse kali ngati kamaginito pakokha. Tinthuti timakhala m'magulu, gulu lililonse kuyang'ana kumodzi monga muja usipa umasambira. Maginito akayandikira, magulu onse amatembenukira komweko, ndiye kumata kuja. Moto ukakula timanjenjemera kwambiri, gulu n'kubalalika. Zimenezi zimachitika chitsulo chikafika madigiri pafupifupi 770. Pierre Curie wa ku France ndiye anafufuza zoti kutentha kumachotsa mphamvuyi, mu 1895.

Kuyambira pamenepo ndimachita chonchi. Ndikamaliza kusula, ndimabwezera nkhwangwa pamakala. Maginito ndinawamangirira kuwaya wautali, ndipo ndimangokhudzitsa msangamsanga, chifukwa nawonso moto umawafoola. Akasiya kugwira ndimawonjezera moto pang'ono pokha, n'kuviika kukamwa kwa nkhwangwa mu oyilo wakutha wa injini. M'madzi sipuling'i imakonda kung'aluka. Ndikatero ndimapala kukamwako kuti kuyere, n'kutenthetsanso pang'onopang'ono mpaka kuoneke mtundu wa udzu wouma wopita kukhofi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ukapupuluma apa, ntchito ya tsiku lonse yapita.

Tsiku lomwe aphunzitsi aja anabwera ndinawafunsanso za chinthu china chimene chinkandizunguza kuyambira ubwana. Ndikaviika mbaniro mumgolo wa madzi imaoneka yopindika, ndikaivuula yawongoka. Nkhafi ya msodzi panyanja imachitanso chimodzimodzi.

"Kumeneko n'kuwala, bambo, si mbaniro yanu," anandiyankha.

Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi mumpweya. M'madzi kumatsika kufika pafupifupi 225,000, ndipo m'galasi pafupifupi 200,000. Kukadutsa mopendekera malire a madzi ndi mpweya, liwiro limasintha ndipo njira yake imakhota. Zili ngati ngolo ikamachoka mumsewu wouma kulowa mumchenga: gudumu loyamba kulowa limachedwa, ngolo n'kupotoka. Koma diso limaganiza kuti kuwala kwabwera molunjika, ndiye limaika chinthu pamalo pomwe sichili. N'chifukwa chake pansi pa nyanja, madzi akadikha, pamaoneka pafupi. Pakuya mamita anayi pamaoneka ngati atatu. Ndimawachenjeza ana anga akamapita kukasamba, ndipo amene amalasa nsomba amadziwa kale kuti mkondo amalozetsa pansi pa pomwe nsomba ikuonekera.

Sindinyoza diso. Ndi lomwe limandiuza ngati mpini wakhala bwino, ngati chikwakwa chapindika mokwanira dzanja la womweta. Koma diso limadalira kuwala, ndipo kuwala kumasintha ndi kumene kwadutsa komanso ndi nthawi ya tsiku. Amalume ankadziwa zimenezi popanda nambala iliyonse, n'chifukwa chake ankadzuka tambala woyamba. Ine ndabwerera kulamulo lawo, ndangowonjezerapo maginito.

Pano ndili ndi mnyamata amene ndikumuphunzitsa, mwana wa mlongo wanga. Dzulo madzulo anatulutsa sompho pamoto, maso ali gwa pa ine.

"Amalume, lapsa?"

"Usafunse ine, funsa maginito."

Anakhudzitsa, anagwira. Analibwezera pamakala, n'kupukusa gudumu kangapo. Atayesanso, maginito analendewera. Sanandiyang'anenso. Anawonjezera moto pang'ono, naviika mu oyilo, utsi n'kukwera m'masamba a mango. Sompho limenelo mwini wake alitenga Loweruka. Ndi bambo yemwe uja wa ku Ngara.